Kuseri kwa Galasi, pa Depoti Yatsopano

Anandipatsa kachipewa koyera
ndi kabaji ka dzina pachifuwa.
Pakabajipo analemba kuti Ndaona,
chikhalirecho ine ndine Ndaziona.
Zi uja anatsala kunja kwa mpanda
pamodzi ndi amayi anga.

Muno pansi mpoterera ngati mbale yotsuka kumene.
Mphepo ya m'phiri imagogoda pagalasi, osalowa.
Ndimagulitsa mapayi obwera Lachiwiri pagalimoto yozizira,
masoseji ogona m'pulasitiki,
tchipisi chodulidwa ndi makina kutali uko,
chofanana msinkhu ngati asilikali paperete,
ndi khofi wa m'kapu yapepala
amene mtengo wake
pa Bembeke ukanakupatsa mulu wa kachewere
ndi basera pamwamba.

Dzulo basi yausiku inakhuthula anthu atulo m'maso.
Bambo wina wa jekete lothothoka m'zigongono
anayang'ana denga, matailosi, kanema wa pakhoma,
kenaka ine.
Achemwali, pano ndi pati?
Ndinati, pa Dedza.
Anati, musandinamize,
pa Dedza mphuno imafika maso asanadzuke.

Anayamba kuwerenga ndi zala ngati wokumbutsa ngongole:
utsi wa nkhuni za paini,
mafuta othetheka pachiwaya,
kanyenya wa a Ngozo, amene ankadula nyama akukangana za mpira,
kambuzi wotulutsa misozi kwa munthu wamkulu,
kabichi woduladula ndi tomato wa pa Lizulu,
ana okweza mapichesi pawindo mvula ikayamba.
Zala zinatha, iye asanathe.

Ndinamuuza mtengo wa payi,
poti ndi zomwe amandilipirira.
Kenaka ndinayang'ana uku ndi uku,
n'kuloza ndi mlomo
kuseri kwa zimbudzi zolipira,
pamene waya wa mpanda anatukuka
moti munthu wowerama amakwanapo.

Kumeneko kuli aNankhoma, mayi wanga ine,
zaka khumi ndi zinayi ali pachiwaya.
Pamene ndaima pano mpomwe panali mafuwa awo.
Ndikhoza kukusonyezani tailosi yake:
yachitatu kuchokera pafiliji.
A Kachingwe, oyang'anira depoti, anati utsi udetsa penti,
ndipo lendi ya kashopu anaitchula akuyang'ana foni.
Amayi sanayankhe.
Anangosenza chiwaya chikadali chofunda.

Bambo uja anabwerako milomo ikunyezimira,
kajumbo kabuluu kakutuluka nthunzi m'manja.
Fungo linalowa naye osagula tikiti.
Mayi wa mwana kumsana anadzuka pabenchi,
kondakitala anamutsata,
ngakhale mlonda anasiya chibonga pampando.
Usiku wonse ndinagulitsa madzi a m'botolo awiri.

Sindikudandaula ayi.
Muno sindiuma zala mu Juni,
chifunga chimathera pakhomo,
ndipo pakutha pa mwezi foni imalira
ndalama za feteleza n'kupezeka.
Chimbudzi chili ndi madzi. Zimenezo n'zoona.

Koma masana aliwonse, belu la m'mimba likalira,
a Kachingwe amandiitanira pambali,
kundipatsa kontena yovundikira ndi ndalama yopindapinda:
uwauze achulutse tsabola,
ndipo usadzere kumaso.
Ndimawerama pawaya pomwe paja,
kachipewa ndili nako m'thumba.

Tsiku lina ndinawatengera amayi payi wotsala.
Anamunyema, kumununkhiza, kutafuna pang'onopang'ono
maso ali kuphiri,
pamene mitambo inali itakhala pamapaini ngati nkhuku pamazira.
Si woipa, anatero.
Koma kwawo n'kuti?

Ndinasowa choyankha.
Ndinabwerera kukapukuta galasi
lomwe limandionetsa nkhope yanga pamwamba pa mapayi,
basi ya ku Ntcheu ikuliza hutala,
ndipo kuseri kwa mpanda, kudzera mu utsi,
mawu aja anabwera athunthu, osadula pakati:
Ndazionaaa! Waiwala chivundikiro!